Asilikali a M'thupi

Kutangoda, Fadila anapita kukathyola masamba a bulugamu oti afukizire mwamuna wake Imran, yemwe matenda a korona anamugwetsa. Madzulo omwewo a zaumoyo anali atamuuza kuti kukacha athamangire naye kuchipatala ku Zomba.

"Kachilomboko kafooka, mayi," anatero. "Akutupitsa mapapo a bambowa ndi asilikali a m'thupi mwawo momwe. Akumenyabe nkhondo, sakusiyanitsanso mdani ndi mwini thupi."

Pobwerera, m'kanjira kodutsa m'minda ya mpunga, achule onse anangoti zii. Kumbuyo kwake kunamveka mapazi ambiri, oponda pamodzi, di, di, di. Fadila anapatuka.

"Zikomo, dutsani."

Panalibe wooneka. Inangomudutsa mphepo yotentha ngati thupi la wodwala malungo.

Anataya masamba aja n'kuyamba kuthamanga, chifukwa kanjirako kamathera pakhomo pake. Mapazi aja anamutsogolera, anakwera pakhonde. Fadila anaima pabwalo kudikira kuti amve "odi", poti mlendo, ngakhale woipa, amaodira.

Sanaodire. Chitseko chinangotseguka monga chimatsegukira eni nyumba, ndipo m'katimo Imran anayamba kubanika.