Mkono wa malaya obiriwira

"Mkono uwu ndi wa ndani?" bambo wina anafunsa mokalipa, akumenyetsa chithunzi pakauntala ya wotsuka zithunzi.

Pachithunzipo mkazi wake ankaseka ali panja, paphewa pake pali mkono wa mwamuna amene nkhope yake sinatengedwe. Malaya a mwamunayo anali obiriwira.

"Ndakuuzani kale kunyumba kuti ndi inuyo, bambo a mwana," mkaziyo anayankha. "Tsiku lija munavala malaya anu abuluu."

"Ndiye abiriwira liti? Ndionetse cha mufoni."

"Ndinafufuta, foni inadzadza."

Bamboyo anamuyang'ana mkazi wake, kenaka wotsuka zithunzi uja, ngati wapolisi amene wagwira mbava ziwiri.

"Bwana, musathetse banja chifukwa cha inki," wotsuka zithunziyo anatero. "Mtundu umene mumauona pafoni kapena pakompyuta si umene umatuluka papepala. Makina angawa sabata ino apenga, chilichonse chabuluu akuchisandutsa chobiriwira. Dzulo lomweli mayi wina anatsala pang'ono kundithira makofi chifukwa cha diresi lake."

"Chilichonse chabuluu?"

"Chilichonse, bwana. Sakusankha."

Bamboyo anapumira m'mwamba, mtima n'kukhala pansi. Anapepesa mkazi wake pamaso pa anthu, nagula felemu yokongola. Atafika kunyumba anachipachika yekha chithunzicho pabalaza.

Lamlungu m'mawa, akumwa tiyi, anachiyang'ananso akumwetulira. Kapu inaima m'malere isanafike pakamwa.

Pamwamba pa mkono wobiriwira uja, thambo linali labuluu bwinobwino.