Mwana Wosaoneka wa M'kaundula

Bambo wina analowa m'kalasi osagogoda. Anavala suti yakuda yonunkha m'sutikesi, tayi, ndi nsapato zopolishidwa mpaka kuwala. Moni sanapereke. Anadutsa pakati pa madesiki, nakakhala kumbuyo kwenikweni pafupi ndi zenera, n'kutulutsa kope latsopano ndi cholembera.

Choko chinapulumuka m'manja mwa mphunzitsi.

Mphunzitsiyo anali mtsikana wa chaka chomaliza payunivesite. Loweruka lililonse m'mawa ankaphunzitsa ana a m'makomo oyandikana nawo kuwerenga ndi kulemba nthano, m'pologalamu ya achinyamata. Anawo ankangomuti Anti. Kalata ya ku ofesi inali itanena mosapsatira: kalasi yokhala ndi ana osakwana khumi ndi asanu itsekedwa, ndipo woyendera adzafika tsiku lina lililonse mosachenjeza.

Anti anali ndi ana khumi ndi anayi. Wa khumi ndi chisanu anali papepala pokha.

Fomu yake anaipeza itatsomekedwa pansi pa chitseko masabata asanu ndi limodzi apitawo. Zilembo zake zinali zikuluzikulu, zopendama ngati mpanda wodyedwa ndi chiswe, ndipo pa zaka panali posalemba. M'kalasimo munali mwambo wakuti mwana azilembetsa dzina limene amamuitanira kwawo, osati la kusukulu. N'chifukwa chake m'kaundula munali Tsabola, Kadzidzi, Matama. Uyu analemba kuti Kamphepo, koma sanaonekeko ngakhale kamodzi. Anti ankamuona m'maganizo mokha: kamwana kamanyazi, kotuwa mawondo, kamene tsiku lina kadzasuzumira pakhomo.

Podikira tsikulo, Loweruka lililonse ankachonga kuti Kamphepo alipo. Ankadziwa bwino kuti kunama m'kaundula ndi mlandu wochotsetsa munthu sukulu, ndipo kunyumba mayi ake anali atasoketsa kale diresi la tsiku lolandira digiri.

Anatsegula kaundula. Anaitana maina limodzilimodzi. Atafika pa lomaliza anafuna kulilumpha, koma pakamwa panathamanga.

"Kamphepo."

Tsabola, kamtsikana kolongolola kokhala kutsogolo, anatsina mphuno kuti mawu asinthe, monga mwa pangano lake ndi Anti. "Ndilipo!"

Bambo uja anadzidzimuka. Anayang'ana Tsabola, n'kuyang'ana Anti. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Kenako anawerama, nayamba kulemba.

Basi zatha, anatero Anti chamumtima. Waona.

Phunziro linayenda ngati galimoto yophwa matayala. Chilichonse chimene Anti ankalemba pabolodi, bamboyo ankachiyang'ana nthawi yaitali, tsinya lili gwaa, kenako n'kulemba pang'onopang'ono, akukanikiza cholembera ngati aboole pepala. Anti analakwitsa mawu awiri, nafufuta ndi dzanja, napaka choko kumaso osadziwa. Anayang'ana pazenera kufuna mpweya, koma anangoona maluwa a pansi pake atapondedwanso, monga Loweruka lililonse. Ngakhale maluwa omwe anali ndi tsoka m'kalasi muno.

"Anti," ananong'ona Kadzidzi, "amenewa ndi apolisi?"

"Lemba, iwe."

"Tsabola akagona m'selo lero."

"Ukagone ndiwe, mutu ngati dzungu!" anayankha Tsabola, koma maso ali pachitseko.

Belu litalira ana anatuluka mwakachetechete, zimene sanachitepo chiyambire. Tsabola anatsalira, nagwira siketi ya Anti.

"Ndinene kuti ndimangosewera?"

"Pita kunyumba. Mlanduwu ndi wanga."

M'chipindamo munangoti zii. Bamboyo anali asanasunthe, kope atalitseka ndi zikhatho zonse ziwiri. Anti anayenda kupita kumbuyoko. Madzi anali atafika m'khosi. Anagwada pambali pa desiki.

"Bwana, ndisakutayitseni nthawi. Mwadzionera nokha." Misozi inayamba yokha. "Ngati n'kuchotsa, chotsani ine, koma kalasi musatseke. Tsabola uja anabwera osatha kulemba ngakhale dzina lake, lero akulemba nthano ya masamba awiri. Ana amenewa alibe kwina kopita. Kamphepo kulibe, bwana. Sindinamuonepo. Masabata onsewa ndakhala ndikunama."

Bamboyo anapukuta thukuta ndi nsonga ya tayi. Anayang'ana kuchitseko ngati akuopa kuti wina amva.

"Dzukani, aphunzitsi. Musandigwadire, mundilaula."

Anatembenuza kope lija, nalikankhira kwa iye. Munalibe lipoti. Munali mawu a pabolodi aja, olakwika awiri aja omwe, m'zilembo zikuluzikulu, zopendama ngati mpanda wodyedwa ndi chiswe.

"Simunaname ayi. Loweruka lililonse ndimakhalapo, nditanjuta pansi pa zenerali. Manyazi, aphunzitsi, munthu wa imvi pakati pa tiana. Za maluwa mundikhululukire. Lero ndinati ndivale suti ndilowe basi, ndiyankhe ndekha, koma kamtsikana kaja kandilanda dzina pakamwa."

Anaimirira mowongoka ngati mwana wa sukulu.

"Taitananinso. Kamphepo ndine. Ndi mmene ankandiitanira mayi anga."