Dotolo wa Chaka Chimodzi

"Zitsamba sizichiza malungo, amayi!" anatero Laurindo, nalanda chikho pakamwa pa bambo ake, amene malungo anawagwetsa kumgodi wa malasha ku Moatize. Madzi owawawo anawakhuthulira pansi.

Laurindo anali ataphunzira zamankhwala chaka chimodzi chokha ku univesidade kutsidya la nyanja, koma anabwerako nzeru zitaposa za Solomo.

"Apa pafunika kwinini. Ndinawerenga m'buku."

Amayi ake, Mayi Perpétua, anayang'anitsitsa dothi lonyowalo.

"Ambuye akudalitseni, a dotolo. Ameneyo anali kwinini wotsiriza. Ndinakamupempha kwa masisitere ku Zóbuè, ulendo wapansi wa masiku atatu. Ndinamusungunula chifukwa bambo anu sakutha kumeza. Nanga m'buku mwanumo watsalamo wina?"