Zipolopolo za a Harlan

A Odell Pruitt anagoneka mfuti yawo pakauntala m'sitolo ya mayi Lorene n'kunena kuti akufuna zipolopolo zina, zamphamvu, zoti nguluwe ikalawa isadzukenso. Mwana wawo Coy, bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu, anatsala m'galimoto panja injini ikulira, poti 11 koloko ankayembekezeka kwa loya.

Chinawapachika mkuluyu n'kamwa lawo lomwe. Pa chakudya cha Khirisimasi ina, abale onse ali pomwepo, anamenya tebulo n'kulumbira kuti akadzatha nyengo zitatu za usaki osagwetsa gwape kapena nguluwe, munda wonse wa mtedza adzaupereka kwa Coy, iwo n'kukakhala kunyumba ya okalamba m'tauni. Panthawiyo zinali zoseketsa, chifukwa m'boma lonselo munalibe mlenje wowaposa. Koma paja lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Nyengo yachitatu inkatha mawa lake, ndipo Coy anati loya wapezeka lero, bwanji angokonzeratu mapepala.

Zaka zitatuzo zinali zamanyazi. Kumsasa wa alenje, munthu akaphonya gwape anzake amamudula m'munsi mwa malaya n'kukhomera kansaluko pakhoma, dzina lake lili pansi. Khoma lija linadzaza ndi malaya a Odell, moti anzawo ankawafunsa ngati akufuna kutsegula shopu ya utelala. Nguluwe nazo zinkafukula mtedza masanasana, zikawomberedwa n'kungodzikung'untha n'kulowa m'thengo.

Mayi Lorene, amene anakulira m'sitolomo pakati pa mfuti za malemu bambo awo, sanafulumire kugulitsa. Anasuzumira mumpope wa mfutiyo, anayesa galasi lochalira, n'kunena kuti mfutiyo ilibe mlandu. Anati chipolopolo cha mtundu wa 30-06, chimene mfutiyo imagwiritsa ntchito, chakhala chikugwetsa agwape ndi nguluwe kuyambira nthawi ya agogo, ndipo kusintha n'kungotaya ndalama. A Odell anaumirira kuti akufuna chachikulu. Mayiwo anatsegula chitseko chakumbuyo, kumene kuli bwalo loyeserera kuwombera, n'kuwapatsa zipolopolo zitatu za m'sitolo.

Mfuti inawakankha paphewa mwamphamvu, mmene inkachitira kale. Anali atayiwala kuti imakankha chotero, poti ankaganiza kuti phewa lawo ndi lomwe lafa dzanzi ndi ukalamba. Mayi Lorene atabwera nalo pepala lochalirapo, mabowo atatu anali atagundana pakati penipeni.

"Maso anu ali bwinobwino, madala," anatero mayi Lorene. "Tandipatsani zomwe mumasakirazo."

A Odell anatulutsa kabokosi m'thumba la jekete. Zipolopolo zawo sankagula m'sitolo. Monga alenje ambiri akale, ankatola zigoba za zipolopolo zowombera kale n'kuzitumiza kuti akazidzazenso onga, ndipo wodzaza anali mmodzi yekha kwa zaka makumi atatu, mnzawo wa paubwana, a Harlan Tubbs. Ngakhale a Harlan atagontha makutu n'kusamukira kwa mwana wawo wamkazi kutsidya kwa mtsinje, ulendo wa maola awiri, ntchitoyo sinaime. Coy ankapititsa zigoba n'kubwera ndi mabokosi odzaza, komanso moni wambiri.

Mayi Lorene anazula mutu wa chipolopolo chimodzi n'kukhuthulira onga pa kasikelo. Anazula chachiwiri, kenako chachitatu. Chilichonse chinali ndi onga wongopitirira pang'ono theka la woyenera kukhalamo, ndipo muyeso wake unali wofanana ndendende. Anafotokoza kuti munthu wolakwitsa salakwitsa mofanana chonchi, ameneyu ankayeza dala. Chipolopolo chotere chimalira ndithu, koma chimagwera pansi pa nyama, ndipo chikaigunda sichipyola chikopa cha paphewa la nguluwe yaimuna.

A Odell anakhala pampando, mtima ukuwawa kuposa tsiku limene anaika maliro a mkazi wawo Velma. Zonse zinayamba kulumikizana. Velma yemweyo woyamba kumufunsira anali a Harlan, iye n'kusankha a Odell. Paukwati a Harlan anavina, pamaliro ananyamula bokosi, koma zikuoneka kuti njiru anaisunga zaka zonsezi ngati mbewu m'chiguduli. Munthu woti anagona naye m'tenti imodzi, anamwera naye khofi m'kapu imodzi, n'kuwasandutsa choseketsa cha msasa wonse, mpaka kutsala pang'ono kuwalanditsa munda umene anabadwiramo. Ndiye moni uja ankatumiza wa chiyani? Misozi inalengeza, ndipo sanaibise.

Chinawatonthoza n'chakuti Coy akamva zimenezi apsa mtima kuposa iwo. Mwanayo ndiye ankawatsukira mfuti, ndiye ankawagwira paphewa akabwera chimanjamanja n'kuwauza kuti ukalamba si mlandu. Kwa loya sapitakonso. Amuuza akhotetse galimoto, awoloke mtsinje, akamuyang'ane m'maso munthu uja.

Anaimirira n'kuyamba kutola zigoba zija.

"Amakudzazirani ndani zimenezi?" anafunsa mayi Lorene.

"Mnzanga," anayankha ngati akulavula. "Harlan Tubbs. Moyo wanga wonse ndikumutcha m'bale wanga."

Mayiwo anasiya kupukuta kasikelo kaja.

"A Harlan? Aja anasiya kalekale, madala, manja atayamba kuwavuta. Makina awo odzazira ndinawagulitsira ndine pakauntala pompano, zaka zinayi zapitazo. Anagula ndi Coy wanu, ndipo onga amadzatenga kuno chaka chilichonse."

Panja hutala inalira kawiri, kuwakumbutsa kuti loya akudikira.