Chithunzi cha a Telala

Atakwanitsa zaka makumi asanu, telala wa pakona anayamba kujambula zithunzi. Ankati chigwirireni pensulo, ngakhale mthunzi wa sizasi pakhoma unkamuchititsa chidwi. Mkazi wake sankaziona choncho.

"Abambo, munthu wa khutu pachipumi munamuona kuti?" ankafunsa, akuloza chithunzi chimene chinali patebulo lodulirapo nsalu.

Tsiku lina kutangoda pensulo inatha, ndipo telalayo anauyamba wa kugolosale. Pobwerera anamva wina akupuma mobanika kumbuyo kwake, koma mapazi osamveka. Anacheuka. Pansi pa getsi la mumsewu panali bambo wovala jekete, khutu lili pachipumi.

"Pepani a telala," anatero bamboyo mwaulemu. "Za khutuli sindidandaula, ndazolowera. Koma mphunoyi muiboole, ndikuvutika kupuma."

Telala anamuyang'anitsitsa bamboyo, ndipo kamtima kena kananyadira, chifukwa kolala ya jeketeyo inakhala bwino zedi.

"Ndikonza mawa," ananong'ona.

"Zikomo. Nanga miyendo mumaliza liti?"

Telala anayang'ana pansi pang'onopang'ono. Apa m'pamene anakumbukira kuti pepala la chithunzi chija linathera m'chiuno.