Jakisoni Wachinayi

"Mtsempha waduka," anatero dokotala, akupapasa kuseri kwa chidendene cha Lazaro. Chala chake chinalowa m'kadzenje, pamalo oyenera kukhala olimba.

Falesi, mkazi wa Lazaro, anali adakali ndi matope a ku Bwanje, kumene mwamuna wakeyo anagwa m'mawa akuwokera mpunga.

"Komatu ankabayitsa jakisoni, adokotala!" anatero Falesi. "A Simon, obaya anthu kuseri kwa golosale ku Golomoti, ankati n'kutupa."

"Mtsempha wotupa umatentha, ndipo munthu akapuma umaphwa. Uwu unkangotha pang'onopang'ono ngati chingwe chakale. Unkafunika mafizo oulimbitsa. Jakisoni wa kutupayo ankangogonetsa ululu, kwinaku akuufoola."

Falesi anatuluka. Pakhonde pa chipatalacho anapeza a Simon atakhala pabenchi, kachikwama kawo kali pamiyendo.

"Pepani mayi, ndamva. Musadandaule, ndabweretsa jakisoni wamphamvu kuposa aja."

"Katatu konse munawabaya, osafunsa n'komwe kuti mwendowo unayamba liti!"

Anawatsomphola kachikwamako, n'kuloza nsapato zawo zonyezimira.

"Mbande zanga zikufota ku Bwanje. Vulani zimenezo, mukawokere ndinu."