Mzere Wopanda Mwini

Kompyuta inaukananso mzerewo kachitatu. Mi-ok anayang'ana kope la apongozi ake, n'kutukwana chapansipansi.

Sitolo yawo ya mikate ya mpunga mumsika wa ku Daegu inkadalira akufa. Banja lililonse limakonzera makolo ake chakudya pa tsiku limene anamwalira, ndipo mkate suyenera kusowapo. Masiku amenewo apongozi akewo, mayi Pyo, ankawasunga m'kope lothimbirira ndi mafuta, motsatira kalendala yakale ya mwezi. Mi-ok kalendala imeneyo sankaitha. Ankadziwa ya pafoni basi.

Mayi Pyo atathyoka chiuno n'kugonekedwa m'chipatala, Mi-ok analembetsa maphunziro a kompyuta ku holo ya m'deralo. Anaphunzira kumanga kaundula wa mindandanda itatu: wa makasitomala, wa omwalira, ndi wa maoda. Kasitomala aliyense ndi nambala yake. Womwalira aliyense amangiriridwe ku nambala ya kasitomala, oda iliyonse chimodzimodzi.

"Mzere wopanda mwini ndi chinyalala," anatero mphunzitsi. "Makina akaukana, akulondola."

Mzere wokanidwawo unali wotere: mwezi wachitatu, tsiku lachisanu ndi chinayi, thireyi imodzi ya mikate yoyera, yopanda nyemba. Dzina panalibe, foni panalibe, kokasiya osalembedwa. Koma unkabwera chaka ndi chaka, zaka khumi ndi chimodzi, ndipo pambali pake pankakhala kachizindikiro koti katundu wapita.

Mi-ok anaudumpha. Anati adzafunsa. Sanafunse.

Kaundulayo anagwira ntchito bwino zedi. M'mawa uliwonse ankatembenuza yekha masiku a mwezi n'kumuuza Mi-ok zoti aphike. Mwezi wachitatu wa kalendala yakaleyo, umene umagwera cha mu Epulo, unabwera n'kupita. Palibe amene anaimba foni kudandaula, ndipo kusadandaulako ndi kumene kunkamudya mumtima. Mwina kwinakwake nkhalamba ina inadikira pakhomo mpaka kutopa, kenako n'kugwadira makolo ake mbale ili mbee. Anthu otere sakalipa, amangosunga. Mi-ok ankazidziwa bwino zimenezo. Iye ndi mchimwene wake anasiya kulankhulana pamaliro a mayi awo, Epulo wina wamvula, atakangana za malo a manda. Kuyambira pamenepo mwambo wa makolo a kwawo ankauchita yekha mchimweneyo kumudzi, Mi-ok n'kumatumikira akufa a kwa mwamuna wake ndi a makasitomala.

Tsiku limene mayi Pyo anabwerera kusitolo, akutsimphina ndi ndodo, anakhala pampando wawo pafupi ndi mphika wa nthunzi. Mi-ok anawatsegulira kope lija, chala chili pa mzerewo.

"Amayi, ndalakwa. Oda iyi sindinaphike. Makina amafuna nambala ya mwini wake."

"Ndiye makina ako ophunzirawa anakusokanso pakamwa? Kuchipatala unkabwera tsiku ndi tsiku ndi msuzi wako wopanda mchere uja. Osafunsa bwanji?"

"Poyamba ndinaiwala. Tsikulo litadutsa ndinachita mantha. Ndiuzeni ndi ndani, ndipite ndekha ndikapepese. Ngakhale kugwada ndikagwada."

Mayi Pyo anasisita tsambalo ndi chala chachikulu.

"Thireyi imeneyi sindinkapatsa wanjinga yamoto. Ndinkainyamula ndekha pabasi, maola awiri."

"Kupita nayo kuti?"

"Kodi iwe make Seul-gi, uli nayo nambala m'makina akowa?"

"Ine si kasitomala, Amayi."

"Dzipatse, ulembe pamenepo," anatero mayi Pyo, akutseka kope. "Mayi ako sankadya nyemba. Zaka khumi ndi chimodzi mchimwene wako wakhala akudziwa kuti mikateyo umatumiza ndi iwe."